Ndinagula mashoko kawiri chifukwa chosayeza: mmene ndinasinthira mashoko akumbuyo a njinga yanga yamoto

Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale yomwe ili m'mbali mwa msewu wa ku Makanjira, kupitirira Malindi, koma banja langa limakhala kufupi ndi pa boma la Mangochi. Tsiku lililonse la sukulu ndimawoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi m'mamawa n'kudzawolokanso madzulo, ndipo pafupifupi Loweruka lililonse ndimamanga matumba a usipa wouma pakaliyala n'kukwera nawo phiri la Chowe kukagulitsa ku Namwera, popeza malipiro a uphunzitsi paokha safika kumapeto kwa mwezi. Njinga yanga ndi ya 150cc, yamtundu womwe anyamata ambiri a kabaza amayendera, yokhala ndi mashoko awiri kumbuyo, ina kumanzere ina kumanja. Zomwe ndikulemba pano zikukhudza njinga zoterozo.

Zizindikiro zinayamba kalekale, koma chilichonse ndinkachipezera chifukwa china. Ndikafika pomwe phula limathera, pamalo paja pomwe msewu wadothi umachita mizeremizere ngati malata, kumbuyo kwa njinga kunkanjenjemera mpaka mano kugundana, ine n'kumati vuto ndi msewu. Ndikadutsa pa bampu m'tauni, njinga inkapitiriza kudumpha kawiri kapena katatu isanakhazikike, ndipo ndinaganiza kuti mpweya wachuluka m'tayala, mwakuti tsiku lina ndinauphwetsako, koma palibe chinasintha. Msana unkandiwawa madzulo, ndipo mlandu ndinkaupereka kwa bolodi yomwe ndimaimirirapo tsiku lonse. Amayi a kunyumba ndiwo anayamba kunena poyera. Tikuchokera kumaliro kumudzi kwawo anatsika atagwira m'chiuno nati, "Bambo a ana, njinga iyi ikumenya ngati ngolo, kodi inu simukumva?" Ndinawayankha kuti njinga iliyonse imatero ikanyamula anthu awiri, yankho lomwe lero limandichititsa manyazi.

Panalinso chizindikiro chooneka ndi maso. Shoko yakumanzere inali itakutidwa ndi phala lakuda la fumbi losakanikirana ndi mafuta, kuyambira pakati mpaka pansi. Popeza tcheni chili mbali yomweyo, ndinkangoti ndi oyilo wa tcheni amene akuthovokera pamenepo, ndipo ndinkapukuta osaganizaponso. Ndikanayang'anitsitsa ndikanaona kuti kunyowako kunkayambira m'kati mwa sipuling'i, pomwe ndodo yonyezimira imalowera m'thupi la shoko, malo omwe oyilo wa tcheni safikako mochuluka chotero. Tayala lakumbuyo nalo linali litayamba kutha mosiyanasiyana: ukayendetsa chikhato pamwamba pake unkamva tizitunda ndi timaenje motsatizana, m'malo moti lithe mosalala.

Chomwe chinandidzidzimutsa chinachitika pa Chowe mvula itangosiya. Ndinkachokera ku Namwera nditamanga thumba la chimanga la makilogalamu 50 pakaliyala, ndikutsika pang'onopang'ono monga mwa nthawi zonse, chigwa chonse cha Shire chikuoneka kunsi. Pa kona ina panali chigamba cha phula chotukuka pang'ono. Tayala lakutsogolo linadutsa bwinobwino, koma lakumbuyo litagunda, shoko zinaphwatalala mpaka kumapeto ndi phokoso la chitsulo, kenako sipuling'i zinakankha njinga m'mwamba popanda choziletsa. Ndinaponda buleki yakumbuyo tayala lili m'malere, ndipo litatera linali litaima kale, choncho linatsetsereka cham'mbali. Ndinakaima m'miyala m'mphepete mwa msewu, phazi limodzi lili pansi, thumba litapendekera mbali imodzi. Sindinagwe ndipo sindinavulale, koma ndinakhala pamwala kwa kanthawi miyendo ikunjenjemera, ndikuyang'ana malo omwe ndikanathera galimoto ikanakhala ikukwera nthawi imeneyo.

Lolemba madzulo ndinapita kwa makaniko wina wachikulire yemwe amagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika. Sanatenge sipanala iliyonse. Anangotsamira kaliyala ndi manja onse awiri, n'kuikankhira pansi mwamphamvu, n'kusiya. Njinga inadzuka, n'kutsikanso, n'kudzukanso, ngati bwato lomwe lagundidwa ndi funde. "Aphunzitsi," anatero, "shoko yamoyo imadzuka kamodzi n'kuima. Izi zanu zatsala sipuling'i zokha." Ndinatsutsa kuti sipuling'i zonse ziwiri zinkaoneka zamphamvu, zosathyoka ndiponso zosachita dzimbiri. Iwo sanalimbane nane, koma analowa m'kanyumba kawo ka zida n'kutulutsa mashoko awiri akale ochotsedwa sipuling'i, omwe amasungira anthu okanika ngati ine. Anandipatsa yoyamba kuti ndikoke ndodo yake. Inkatuluka pang'onopang'ono, ikukana mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ngati mmene munthu amazulira phazi m'matope a m'dambo. Yachiwiri inangosolokoka popanda kukana kulikonse, ikulira ngati botolo lotsala madzi pang'ono.

Pamenepo ndi pomwe ndinamvetsa kuti chomwe timachitcha shoko ndi zinthu ziwiri zogwira ntchito zosiyana. Sipuling'i imanyamula kulemera kwa njinga, munthu ndi katundu, koma payokha siidziwa kuima: ukaifinya imabweza mphamvu yonse yomwe waipatsa. M'kati mwake muli chubu chachitsulo chodzaza oyilo, ndipo kumapeto kwa ndodo yonyezimira ija kuli pisitoni yokhala ndi timabowo ting'onoting'ono. Tayala likakwera kapena kutsika, oyiloyo amakakamizidwa kudutsa m'timabowo timeneto, ndipo kukana kwakeko ndiko kumameza mphamvu ya bampu n'kuisandutsa kutentha. N'chifukwa chake shoko yabwino imafunda ukaigwira utayenda mtunda wautali pa msewu woipa. Kukanako kumakhala kwakukulu pobwerera kusiyana ndi pofinyika, kuti sipuling'i isaponye njinga m'mwamba monga inandichitira pa Chowe. Chomwe chimasunga oyilo m'kati ndi kamphira kakang'ono kozungulira ndodo, komwe amakaniko amati silu. Kuno kunyanja mdani wake wamkulu ndi mchenga, womwe umamatirira pa ndodo n'kuikanda, ndipo ndodo yokandika imadya siluyo tsiku ndi tsiku mpaka oyilo atayamba kuchucha. Katundu wopitirira muyeso amamaliza ntchitoyo, chifukwa shoko imagunda kumapeto pa dzenje lililonse. Ine ndinali nditaipatsa zonse ziwiri, mchenga wa pa doko ndi matumba atatu pomwe payenera awiri.

Bambo aja anandilangiza zinthu ziwiri momveka bwino: ndigule mashoko onse awiri pamodzi, ndiponso ndiyeze yakale ndisanapite ku sitolo. Zonse ziwiri sindinazitsate. Zinthu zinali zitakwera mtengo kwambiri kuchokera pomwe kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo zipangizo za njinga, zomwe zonse zimachokera kunja, zinali m'gulu la zokwera msanga. Nditamva mtengo wa mashoko awiri ndinadziuza kuti yotayikira oyilo ndi imodzi yokha, choncho palibe chifukwa chotayira inayo. Mnyamata wogulitsa anandifunsa kukula kwa injini basi, ndipo nditati 150 anatsitsa shoko pashelefu nati zonse za 150 n'zofanana. Sindimuimba mlandu waukulu, pakuti ine ndinali nditachenjezedwa ndipo iye anangonena zomwe ankakhulupirira.

Nditafika kunyumba n'kuchotsa yakale, ndinapeza kuti yatsopanoyo inali yaitali pang'ono, mwakuti bowo lake lapansi silinkakumana ndi la pa njinga. Apa munthu wanzeru akanaibweza isanadetsedwe. Ine ndinaitana mphwanga, tinaifinya ndi chitsulo cha paipi mpaka bawuti inalowa, ndipo ndinasangalala kuti ndapulumutsa ndalama. Pambuyo pake ndi pomwe ndinadziwa kuti yanga inali ya mamilimita 320 pomwe yogulayo inali ya 340. Kusiyana kwa masentimita awiri kumaoneka kochepa, koma mashoko onse awiri amamangidwa pa chitsulo chimodzi chogwira tayala, chomwe amati swing arm, ndipo chitsulocho sichingakhale pamalo awiri nthawi imodzi. Yatsopano ndiyo inkanyamula pafupifupi katundu yense, uku ikukankhira mbali yake pansi, pomwe yakale inkakokedwa mpaka kumapeto n'kumagogoda tayala likangotsika m'dzenje. Njinga inkamveka yokhota pang'ono, makamaka pa makona akumanja. Pasanathe milungu itatu mphira wa m'bowo lapamwamba la shoko yatsopano unali utang'ambika, ndipo phokoso linali lalikulu kuposa poyamba. Kusitolo anakana kuilandira, ndipo anali ndi chifukwa, popeza inali itayenda kale. Ndinaigulitsa motchipa kwa mnyamata wina wa kabaza yemwe njinga yake imalandira kutalika kumeneko, ndipo mpaka pano chikumbumtima chimandivuta, chifukwa nayenso anakaiika pambali pa yakale monga ndinachitira ine.

Ulendo wachiwiri ndinayamba ndi kuyeza. Shoko imayezedwa itachotsedwa pa njinga, kapena tayala litalendewera popanda cholemera, kuchokera pakati pa bowo lapamwamba kufika pakati pa bowo lapansi, osati kuchokera kunsonga kufika kunsonga. Ndinatenga rula ya ana asukulu n'kupeza kuti ndi yaifupi, pakuti imathera pa masentimita 30, choncho ndinabwereka tepi yosokera ya amayi a kunyumba. Kutalika kofala pa njinga zathuzi ndi mamilimita 320, 330 ndi 340, ndipo ndi maso okha simungazisiyanitse zikakhala pashelefu. Kutalika si kokhako koyenera kuona. Mashoko ena ali ndi bowo lozungulira mbali zonse ziwiri, pomwe ena kunsi kwake kuli ngati mphanda yomwe imakumbatira kachitsulo ka pa swing arm, ndipo mitundu iwiriyi siilowana. Kukula kwa bowo nako kumasiyana, kawirikawiri mamilimita 10 kapena 12. Bowo likakula kuposa bawuti shoko imagogoda ngakhale ili yatsopano. M'lifupi mwa mphira wa m'bowo namonso muyenera kufanana ndi malo ake pa njinga, ndipo sipuling'i ikakhala yonenepa kwambiri imakhudza chotchinga tcheni kapena ekizozi. Njira yachidule yopewera zonsezi ndi kunyamula shoko yakale n'kukaigoneka pakauntala pambali pa yatsopano, ndipo ndi zomwe ndinachita, nditakwera kabaza shoko ili m'jumbo.

Ndinalakwitsa tsiku lokha. Linali Lachisanu la tchuthi, ndipo ndinafika dzuwa lili paliwombo n'kupeza masitolo ambiri a zipangizo atatsekedwa, eni ake atapita ku mzikiti, zomwe munthu wokhala ku Mangochi zaka zonsezi samayenera kuiwala. Ndinadikira pakhonde mpaka cha m'ma 2 koloko. Atatsegula ndinapempha kuti anditulutsire mashoko onse awiri m'katoni. Ndinasuzumira pakati pa sipuling'i kuti ndione ngati ndodo zili zosalala, zopanda dzimbiri kapena chinyezi cha oyilo, ndinawaimika pamodzi kuti nditsimikize kuti ndi ofanana kutalika, ndipo ndinayesa bawuti yanga m'mabowo onse anayi. Pali mashoko akale omwe amapakidwa penti n'kugulitsidwa ngati abwino, ndipo amadziwika ndi penti yomwe yadontherera pa mphira kapena pa ndodo. Popeza ndimanyamula katundu, ndinasankha okhala ndi waya wa sipuling'i wokulirapo pang'ono kuposa akale, koma ndinakana ena olimba kwambiri omwe anandionetsa, chifukwa masiku asanu pa sabata ndimakhala ndekha pa njinga, ndipo sipuling'i yolimba mopitirira imadumphitsa tayala pa msewu wa mizeremizere mofanana ndi shoko yakufa.

Ntchito yeniyeni ndinaigwira Loweruka m'mawa kusanatenthe, koma inayamba usiku wa Lachisanu nditabwezera shoko yakale ija pa njinga, pomwe ndinadonthezera palafini wosakaniza ndi oyilo pang'ono pa manati onse kuti dzimbiri lifewe. Zida zinali zochepa: masipanala a 14 ndi 17, omwe ndi bwino akhale ozungulira nati yonse chifukwa otseguka kukamwa amaterereka n'kudya makona, pulayazi, sandipepa, girisi pang'ono, nsanza ndi matabwa awiri. Pabwalo pathu ndi pamchenga, ndipo sitandi yapakati imatitimira mbali imodzi njinga n'kugwa, choncho thabwa loyamba ndinaliyala pansi pa sitandi. Ndisanachotse kanthu ndinajambula ndi foni mbali zonse ziwiri, kuti ndidzakumbukire mmene mawashala anasanjidwira, pakuti pa njinga yanga kaliyala imamangidwa pa chitsulo chomwecho chogwira shoko kumwamba, ndipo pali washala kuseri kwa shoko, wina pakati pa shoko ndi kaliyala, ndi wina pansi pa nati.

Ndinayamba ndamasula manati onse anayi pang'ono chabe, kenako ndinalowetsa thabwa lachiwiri pansi pa tayala lakumbuyo mpaka litangolikhudza. Thabwa limeneli ndilo limapeputsa ntchito yonse. Tayala likalendewera, kulemera kwake kumapanikiza bawuti yapansi, ndipo munthu amayamba kuimenya ndi hamala n'kuwononga mazinga ake; koma mukalinyamula pang'ono, pamakhala malo amodzi pomwe bawuti imasolokoka ndi zala zokha. Mphwanga ankatukula thabwa pang'onopang'ono ine ndikukoka bawuti, mpaka tinapeza malowo. Ndinkasintha mbali imodzi n'kumaliza ndisanakhudze inayo, kuti shoko yotsalayo izigwira tayala. Mukachotsa onse awiri nthawi imodzi popanda chochirikiza, tayala limagwera pansi n'kukoka tcheni ndi ndodo ya buleki. Kumanzere kunali kosavuta: bawuti yapansi poyamba, kenako nati yapamwamba, shoko n'kutuluka cham'mbali. Kumanja ekizozi inkatsekereza bawuti, ndipo m'malo moikankha mwamphamvu ndinamasula bawuti yomwe imaigwira kumbuyo kuti isunthe pang'ono. Ichi ndi chifukwa china chogwirira ntchitoyi injini itazizira.

Chitsulo chapamwamba chomwe shoko imavalapo chinali ndi dzimbiri lofiira, ndipo ndinachipala ndi sandipepa mpaka chinawala, n'kuchipaka girisi wochepa kwambiri. Girisi ndi wa chitsulo pa chitsulo basi. Akafika pa mphira amaufewetsa n'kuuwononga, choncho ngati mphira ukukana kulowa, madzi a sopo ndiwo oyenera. Shoko yatsopano iyenera kuloza mmene inalozera yakale, ndipo pa njinga zambiri zamtunduwu thupi lokhala ndi oyilo ndi kolala yosinthira zimakhala pansi, ndodo ili kumwamba. Ikaikidwa chadodolido imatha kulowa bwinobwino m'mabowo, koma oyilo ndi mpweya zimasokonezeka m'kati ndipo siigwira ntchito yake. Ndinavala kumwamba poyamba, kenako tinasewera ndi thabwa lija mpaka bowo lapansi linakumana, ndipo ulendo uno bawuti inalowa popanda paipi kapena hamala. Lamulo lomwe ndinadziikira ndi lakuti bawuti ikakana kulowa ndi dzanja, ndiye kuti china chake sichinalunjike, ndipo mphamvu siikonza zimenezo.

Panachitika kanthu kakang'ono komwe kakanandinamiza. Nati yapamwamba pa njinga yanga ndi yotseka kumutu ngati chisoti. Nditaimanga kumanja inalimba msanga, koma nditagwedeza shoko ndinaona ikusewera cham'mbali. Ndinayang'ana chithunzi cha pa foni n'kuwerenga mawashala atatu, pomwe pa njinga panali awiri. Wachitatu tinamupeza atakwiririka mumchenga pafupi ndi sitandi. Nati yamtunduwu ikasowa washala mmodzi, nsonga ya chitsulo imagunda denga lake la m'kati isanapanikize shoko, choncho sipanala imakuuzani kuti yalimba pomwe palibe chomwe yagwira, ndipo mukapitiriza kukoka mumaboola chisoticho kapena kudula mazinga. Kuyambira tsiku limenelo ndimayala thumba pansi ndisanamasule kanthu kalikonse.

Manati onse anayi ndinangowamanga ndi dzanja, kenako tinatsitsa njinga pa sitandi, mphwanga n'kukhala pa mpando mapazi ali pansi, ndipo pamenepo ndi pomwe ndinawalimbitsa ndi sipanala. Izi anandiphunzitsa ndi bambo aja nditawafotokozera za mphira womwe unang'ambika. Shoko ikamafinyika imapendeka pang'ono pa mabawuti ake, ndipo mphira wa m'bowo ndiwo umapotoka kuti ulole kuyendako. Mukalimbitsa tayala lili m'malere, mphirawo umakhala wopotoka kale munthu akangokwera, ndipo pa dzenje lililonse umapotoka kupitirira malire ake. Mukalimbitsa munthu atakhalapo, umapumula pamalo pomwe njinga imakhala nthawi zambiri. Mabuku a njinga zazing'ono ngati izi amaika kulimba kwa manati amenewa pakati pa 30 ndi 40 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira nati), koma ambirife tilibe sipanala yoyezera, choncho ndinagwiritsa ntchito sipanala wamba ndi mphamvu ya dzanja limodzi, popanda kuwonjezera paipi. Chitsulo chapamwamba chija ndi chowotcherera ku felemu, ndipo chikaduka ntchito ya ola limodzi imasanduka ulendo wa kwa owotcherera.

Kunsi kwa sipuling'i kuli kolala yokhala ndi masitepe, pa anga asanu, yomwe imazunguzidwa kuti ifinye sipuling'i pang'ono kapena kwambiri. Anthu ambiri amaganiza kuti imalimbitsa sipuling'i, koma chomwe imasintha ndi kuchuluka kwa mmene njinga imatsikira ikalandira katundu. Mbali zonse ziwiri ziyenera kukhala pa sitepe imodzi, ndipo ndi bwino kuwerenga m'malo mongokhulupirira kuti anachokera kufakitale ali ofanana. Anga imodzi inali pa 1 ina pa 2. Kolala imazungulira mosavuta njinga ili pa sitandi yapakati. Ndinayeza ndi tepi ija kuchokera pa bawuti ya tayala kufika pa kaliyala, poyamba tayala lili m'malere, kenako nditakhala pa mpando, pofuna kuti njinga itsike pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mtunda wonse womwe shoko imatha kufinyika, zomwe pa yanga ndi ngati m'lifupi mwa zala ziwiri. Sitepe yachiwiri ndiyo inandikwana ndili ndekha, ndipo Loweruka ndikamanga usipa ndimakweza kufika pa 4. Kusinthako kumatenga mphindi ziwiri, ngakhale kuti kale ndinayenda zaka zingapo osadziwa kuti kolalayo imazungulira n'komwe.

Ndisanatuluke pa geti ndinaonanso tcheni ndi buleki, chifukwa mashoko atsopano amakweza kumbuyo kwa njinga komwe kunali kutagwa, ndipo zonse ziwirizi zimadalira malo omwe swing arm yaima. Tcheni chiyenera kusewera mamilimita 20 mpaka 30 pakatikati pake, ndipo ndi bwino kuchiona kachiwiri munthu atakhala pa mpando, popeza chimakungika kumbuyo kukatsika. Tcheni chokungika kwambiri chimaletsa shoko kuyenda ndipo chimadya masipuloketi. Chopondera buleki yakumbuyo ndinachikonza ndi nati ya kumapeto kwa ndodo yake kuti chizitsika pang'ono buleki isanagwire. Ndili pomwepo ndinagwira tayala ndi manja awiri n'kuligwedeza cham'mbali, chala cha mphwanga chili pomwe swing arm imalumikizana ndi felemu, ndipo anamva kusewera pang'ono. Mabushi a pamenepo, tizipangizo tomwe swing arm imazungulirapo, anali atadyeka, mwina chifukwa cha milungu itatu ija ya mashoko osiyana, ndipo amenewo ndinawasiyira makaniko, chifukwa kuwatulutsa kumafuna zida zomwe ndilibe.

Amene muli ndi njinga monga Yamaha DT 125 kapena AG 200, zomwe alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo ambiri amayendera, dziwani kuti zanu zili ndi shoko imodzi yobisika pakati pa njinga, ndipo kuti muifikire pamafunika kuchotsa mpando ndi zina zambiri. Shoko zoterozo zimakhala ndi mpweya wopanikizidwa m'kati, choncho siziyenera kuboledwa kapena kuyandikizidwa ku moto. Ngakhale mashoko wamba ngati anga, sindikulangiza kuti munthu ayese kuchotsa sipuling'i kunyumba ndi waya kapena zingwe, chifukwa imakhala yofinyidwa kale ndipo ikapulumuka imatha kuthyola chala kapena kuphulitsa diso. Akale anga ndinawapereka kwa bambo aja m'malo mowasiya pabwalo pomwe ana amasewera.

Ulendo woyesera ndinapita cha ku Malindi ndili ndekha, pang'onopang'ono, ndikumvetsera. Pa bampu woyamba njinga inatsika, n'kudzuka kamodzi, n'kukhazikika, ndipo pa mizeremizere ija tayala linkamveka likutsata nthaka m'malo modumpha pamwamba pake. Nditaima ndinagwira thupi la shoko iliyonse n'kupeza kuti onse awiri afunda mofanana. Patatha sabata ndinayesanso manati onse ndi sipanala, ndipo yapamwamba yakumanzere inalola kuzungulira pang'ono, zomwe zimachitika mawashala ndi mphira zikakhazikika. Tsopano Lamlungu lililonse ndimalowetsa kansanza pakati pa sipuling'i n'kupukuta ndodo zonse ziwiri, makamaka ndikakhala kuti ndinatsikira pa doko, ndipo ku Namwera ndimapita ndi matumba awiri. Tayala lakumbuyo lokha ndilo silinapulumuke. Tizitunda tomwe shoko yakufa inalisiyira sitinathe, linapitiriza kulira pa phula ngakhale mashoko ali atsopano, ndipo mwezi wotsatira, malipiro atangolowa, ndinakagula lina.